Zomwe ana a ku Ruwa anaona, ndi zomwe mafunso a akuluakulu anazisandutsa

Lachisanu pa 16 September 1994, cha m'ma 10 koloko m'mawa, aphunzitsi a pa sukulu ya pulaimale ya Ariel ku Ruwa, makilomita pafupifupi 22 kuchokera ku Harare, anadzitsekera m'chipinda chawo pa msonkhano. Ana anali panja pa buleki. Munthu wamkulu yemwe anali pafupi ndi bwalo anali mayi mmodzi wogulitsa tizakudya pa kashopu ka pasukulupo, ndipo ana atamuthamangira kuti adzaone zomwe zimachitika, iye anakana kusiya malonda ake. Anaganiza kuti ndi nthabwala za ana.

Zomwe anawo anafotokoza pambuyo pake ndi izi: kuseri kwa bwalo lamasewero, pa katchire komwe ankaletsedwa kupitako, panatera chinthu chonyezimira ngati siliva. Ena anati chinali chimodzi, ena anati zinalipo zingapo. Pambali pake panaoneka kamunthu kakafupi, kovala zakuda zothina, ka maso aakulu. Ena anati kanali ndi tsitsi lalitali, ena sanaone tsitsi. Ena anati timanthuto tinali tiwiri. Zonsezi zinatenga mphindi 10 kapena 15, kenaka chinthu chija chinazimiririka. Ana omwe anati anaona analipo 62, a zaka zapakati pa 6 ndi 12. Palibe wamkulu ngakhale mmodzi yemwe anaona, ndipo palibe chithunzi chomwe chinajambulidwa.

Papita zaka zoposa 30, koma nkhani ya ku Ruwa ikadali m'kamwa mwa anthu otsata za ma UFO pa dziko lonse. Okhulupirira amati: ana 62 sanganame limodzi bodza lofanana n'kulisunga mpaka kukula. Otsutsa amati ana amatengeka msanga. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikulimbana ndi funso lolakwika. Funso loti akunama kapena akunena zoona ndi losavuta kufunsa, koma silitifikitsa patali. Pali mtunda wautali pakati pa diso la munthu ndi nkhani yomwe imafika kwa ife, ndipo zambiri zimachitika pa mtunda umenewo popanda wina kunama.

Tiyambe ndi dzinalo. UFO ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza chinthu chouluka chomwe sichinadziwike kuti n'chiyani. Basi. Dzinali silinena kuti chachokera ku dziko lina la kuthambo. Limangovomera kuti woonayo sanachizindikire. Koma m'makutu a anthu ambiri linasanduka kale dzina la ndege ya alendo ochokera ku nyenyezi, ndiye chifukwa chake boma la America masiku ano limakonda chidule china, UAP, pofuna kuthawa katundu yemwe dzina lakalelo linasenza.

Nkhani za mtunduwu m'maonekedwe omwe tikuzidziwa lero zili ndi tsiku lobadwa. Pa 24 June 1947 wamalonda wina woyendetsa ndege yakeyake, Kenneth Arnold, anaona zinthu 9 zonyezimira zikuuluka mondondozana pafupi ndi phiri la Rainier m'chigawo cha Washington. Pofotokozera atolankhani, anati kayendedwe kake kanali ngati ka kambale komwe waponya kuti kazidumphadumpha pamwamba pa madzi. Iye amanena za kayendedwe. Manyuzipepala analemba za mbale zouluka. Pasanathe milungu ingapo, anthu mazanamazana ku America anali ataona mbale kumwamba, zozungulira bwino ngati za kukhitchini. Liwu la mtolankhani linakhala chikombole, ndipo zomwe anthu ankaona zinayamba kutuluka m'chikombolecho.

Asilikali a m'ndege a ku America anatsegula ofesi yosonkhanitsa malipoti otere. Ntchito yotchuka kwambiri inali Project Blue Book, yomwe inayamba mu 1952 n'kutsekedwa mu 1969. Kuphatikiza ndi za maofesi omwe anaitsogolera, malipoti onse anakwana 12,618, ndipo 701 anatsala osadziwika. Ambiri mwa enawo anapezeka kuti anali ndege wamba, mabaluni oyezera nyengo, nyenyezi, miyala yoyaka polowa mu mpweya wa dziko, mitambo, mbalame ndi zina. Nambala ya 701 aliyense amaiwerenga mmene akufunira. Wokhulupirira amaona umboni 701. Wofufuza amaona mafaelo 701 omwe yankho lake silinapezeke. Nkhuku ikasowa pakhomo osapezeka yemwe waitenga, sitithamangira kunena kuti yakwera kumwamba.

Chodabwitsa m'malipoti ofotokozedwawo n'chakuti ambiri mwa omwe analakwitsa sanali zidakwa kapena anthu osaphunzira. Anali apolisi, aphunzitsi, oyendetsa ndege. Jimmy Carter, asanakhale mtsogoleri wa dziko la America, anaona kuwala kwachilendo ku Leary m'chigawo cha Georgia mu 1969 ndipo anakalemba lipoti mu 1973. Ofufuza ena amati inali nthanda, ena amati unali mtambo wowala womwe asayansi anatulutsa kumwamba ndi roketi poyesa zinthu. Vuto si nzeru za munthu. Diso lathu linapangidwira zinthu za pansi, pomwe pali mitengo, nyumba ndi mapiri zoti tiyerekezerepo. Kumwamba usiku kulibe choyerekezera. Kuwala kumodzi kukhoza kukhala kachinthu kakang'ono kali pafupi kapena chinthu chachikulu chili kutali, ndipo diso silingasiyanitse. Mukayang'anitsitsa nyenyezi imodzi mu mdima kwa kanthawi, imayamba kuoneka ngati ikugwedezeka, chonsecho ndi minofu ya maso anu omwe. Mwana aliyense yemwe anakwerapo basi ya usiku anauzapo mayi ake kuti mwezi ukuwatsatira.

Tsopano tibwerere ku Ruwa, koma tibwerere masiku awiri m'mbuyo. Usiku wa pa 14 September 1994 anthu ambiri kummwera kwa Africa, kuphatikizapo ku Zimbabwe, anaona moto waukulu ukudutsa kumwamba, ukumwazika tizidutswa towala. Anaimba mafoni ku wailesi ya ZBC, ndipo nkhani ya ma UFO inali ponseponse sabata imeneyo. Akatswiri otsata zinthu zozungulira dziko anafotokoza pambuyo pake kuti chinali chigawo cha roketi ya Russia ya mtundu wa Zenit, yomwe inanyamula setilaiti ya Cosmos 2290, chikupsa pobwerera mu mpweya wa dziko. Izi sizikufotokoza zomwe ana anaona Lachisanu m'mawa pa tchire lija. Koma zikutiuza zomwe zinali kukambidwa m'nyumba zawo Lachinayi madzulo. Sukulu ya Ariel sinali ya kumudzi kosafika wailesi, monga ena amakonda kuifotokozera pofuna kuti nkhaniyi ikome. Inali sukulu yolipira, ya ana a mabanja opeza bwino, akuda, azungu, amwenye ndi makaladi, ndipo ambiri anali ndi TV kunyumba.

Akulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mwambiwu umayamikira kukhala ndi mnzako, koma ulinso ndi mbali ina. Ukaona chachilendo, umafunsa woyandikana naye, ndipo yankho lake limalowa m'zomwe udzakumbukire. Cynthia Hind, mayi wa ku Zimbabwe yemwe ankatsata nkhani za ma UFO mu Africa ndipo anafika pasukulupo masiku ochepa chichitikire izi, analemba yekha kuti ana ena akuda anachita mantha chifukwa anaganiza kuti aona tokoloshe, kanthu kakafupi kankhanza ka m'zikhulupiriro za kummwera kwa Africa. Ana ena anaganiza kuti ndi munthu wogwira ntchito m'munda. Ena ndiwo anati ndi ma alien, alendo ochokera kuthambo. Pa mayina atatuwo, lomwe linapulumuka n'kufika pa TV za ku Ulaya ndi lomwe akuluakulu obwera ndi makamera ankalifuna.

Apa ndi pomwe ife a ku Malawi tiyenera kumvetsa msanga kuposa Mzungu wa ku Boston. Kwathu kuno chinthu chachilendo chikaoneka kumwamba usiku, kapena anthu akapeza lichero ndi tizithumwa pa bwalo m'mawa, palibe amene amayamba kuganiza za alendo ochokera ku nyenyezi. Timati ndege ya ufiti yagwa, mwina yathera mafuta, mwina yadutsa pa nyumba yokhwima. Kanthu kakafupi kooneka m'mbali mwa munda madzulo timakatcha ndondocha. Mboni zake zimalumbira ndi mtima wonse, ndipo nkhani zawo zimafanana mudzi ndi mudzi, boma ndi boma, monga mmene nkhani za timanthu totuwa ta maso aakulu zimafananira ku America. Okhulupirira ma UFO amati kufanana kumeneku ndi umboni woti zinthuzo zilipodi. Akatero ayeneranso kuvomereza lichero louluka, ndipo ambiri a iwo sangavomere. Kufanana kwa nkhani kumasonyeza kuti anthuwo anakulira pa nkhani zofanana.

Ngakhale ku maiko a azungu komweko, alendowo akhala akusintha nkhope malinga ndi nyengo. M'zaka za m'ma 1950 anali aatali, okongola, a tsitsi loyera, obwera ndi uphungu woti anthu asiye mabomba a nyukiliya. Ku South Africa, Elizabeth Klarer ankanena kuti anakumana ndi mwamuna wotere, dzina lake Akon, m'mapiri a ku Natal, kuti anakondana naye, ndipo anakabereka mwana pa dziko lake pafupi ndi nyenyezi ya Proxima Centauri. Timanthu tatifupi totuwa tinatchuka pambuyo pake, ndipo njira yomwe tinadzera ndi yodziwika.

Usiku wa pa 19 September 1961, Betty ndi Barney Hill, banja la ku Portsmouth m'chigawo cha New Hampshire, ankabwerera kwawo pa galimoto kuchokera ku Canada. Anali otopa, atayenda ulendo wautali. M'mapiri a White Mountains anaona kuwala komwe kankaoneka ngati kukuwatsatira. Anafika kunyumba mochedwa kuposa mmene ankayembekezera. Patapita masiku 10, Betty anayamba kulota maloto oti anatengedwa kulowa m'chombo n'kupimidwa thupi, ndipo malotowo anawalemba ndi kuwafotokoza. Mu 1964 awiriwa anapita kwa Benjamin Simon, dokotala wa matenda a maganizo ku Boston, yemwe anagwiritsa ntchito hypnosis, njira yomwe munthu amamugoneka ndi mawu mpaka akhale ngati ali pakati pa tulo ndi maso, n'kumamufunsa mafunso. Ali mmenemo, onse awiri anafotokoza zotengedwa ndi alendo. Barney ankalira ndi kukuwa ndi mantha enieni. Koma Simon mwiniwakeyo sanakhulupirire kuti anatengedwadi. Iye anaona kuti nkhaniyo inachokera m'maloto a Betty, omwe Barney anali atawamva. Nkhaniyo inafalikira dziko lonse; maganizo a dokotala anatsalira m'mbuyo. Kuchokera pamenepo ndondomeko inakhazikika: msewu wa usiku, kuwala, nthawi yosowa, tebulo lopimira, maso aakulu.

Anthu ambiri timaganiza kuti chikumbukiro cha zinthu zakale chili ngati kaseti: chinajambulidwa, chili mkati, chikungofuna woseweretsa. Akatswiri a za maganizo anapeza kuti sichoncho. Nthawi iliyonse tikakumbuka, timamanganso nkhaniyo, ndipo njerwa zatsopano zimalowa tisakudziwa. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa ophunzira filimu ya ngozi ya galimoto. Ena anawafunsa liwiro la magalimoto pomwe ankagundana, ena anawafunsa liwiro lake pomwe ankaphwanyana. Liwu limodzi lokhalo linasintha mayankho: a gulu lachiwiri anatchula liwiro lokwera. Patatha sabata anawafunsa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 a gulu la kuphwanyana, 16 anati eya. Mwa 50 a gulu la kugundana, 7 okha. M'filimumo munalibe galasi losweka. M'zaka za m'ma 1990 Loftus anapitirira apo: mothandizana ndi achibale, anauza anthu nkhani yopeka yoti ali ana anasochera m'sitolo yaikulu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anayamba kuikumbuka, ena mpaka kuwonjezerapo zawo. Hypnosis imakulitsa vutoli. Siibweza zoiwalika monga anthu amaganizira. Imachulukitsa zomwe munthu akunena, zoona ndi zopeka pamodzi, n'kumupatsa chikhulupiriro champhamvu kuti zonsezo zinachitikadi.

Ndiye tionenso mmene ana a ku Ruwa anafunsidwira. Mtolankhani wa BBC ku Zimbabwe, Tim Leach, anafika ndi kamera patapita masiku atatu, ana atakhala kale Loweruka ndi Lamulungu akukambirana ndi anzawo ndi makolo. Hind anapempha mphunzitsi wamkulu, Colin Mackie, kuti ana ajambule zomwe anaona, ndipo zithunzi zimenezo ndi zomwe zimazungulira pa intaneti mpaka lero. Koma pofunsa mafunso, Hind ankawafunsa m'magulu, wina akulankhula anzake akumvetsera. Wapolisi aliyense wodziwa ntchito amapatula mboni asanazifunse, chifukwa mboni yachitatu ikamva ziwiri zoyambazo, sikhalanso mboni yachitatu. Komanso pa sukulu ya ana pafupifupi 250, chidwi chonse chinali pa omwe anati anaona. Omwe anali pabwalo pomwepo osaona kanthu sanapatsidwe kamera.

Patapita miyezi iwiri, mu November, kunabwera John Mack, pulofesa wa za matenda a maganizo pa yunivesite ya Harvard, munthu wolemekezeka yemwe anapatapo mphoto ya Pulitzer mu 1977. Mack anali atakhala zaka zingapo akucheza ndi anthu onena kuti anatengedwa ndi alendo a kuthambo, ndipo anali atafika pokhulupirira kuti akukumana ndi china chake chenicheni, chomwe chikubwera ndi chenjezo loti anthu akuwononga chilengedwe. M'macheza ake ndi ana a ku Ariel ndi mmene munatulukira mbali yomwe lero ndiyo mtima wa nkhaniyi: ana ena anati kamunthu kaja kanawalankhula kudzera m'maso, popanda mawu, kuwachenjeza za kuipitsa dziko, za mitengo kutha, za luso la makina lopanda malire. Uthenga umenewu sunali m'malipoti oyamba a Hind. Unaonekera atafika munthu yemwe ankauyembekezera. Mukaonera mafilimu a machezawo, Mack ndi wofatsa, waulemu, wokonda ana; sakakamiza aliyense. Koma mwana wa zaka 9 amadziwa yankho lomwe lapangitsa mlendo wolemekezeka kuweramira kutsogolo ndi chidwi. Amene anaphunzitsapo Sande sukulu akudziwa zomwe ndikunena.

Harvard inakhazikitsa komiti yofufuza kagwiridwe ntchito ka Mack, yomwe inatenga nthawi yoposa chaka. Pamapeto pake anakhalabe pa udindo wake. Iye anamwalira mu September 2004 ku London atagundidwa ndi galimoto ya dalaivala woledzera. Chinthu chimodzi chomwe Mack ananena chinali choona, ndipo otsutsa anachedwa kuchivomera: anthu onena nkhanizi ambiri si amisala, ndipo sakufuna ndalama kapena kutchuka. Ambiri amachita manyazi, amabisa, amaopa kusekedwa ku ntchito.

Nanga chimawachitikira n'chiyani, makamaka aja onena kuti alendo anawapeza kuchipinda? Pano ndilankhule zomwe ndikuzidziwa ndi thupi langa. Ndili ku sekondale yogonera konko, usiku wina ndinadzuka m'hostelo ndikuona bwinobwino denga, neti ya udzudzu, ndi kuwala kwa babu la pakhonde kukulowera pa zenera. Ndinafuna kutembenuka, thupi linakana. Ndinafuna kuitana mnzanga wa bedi lapansi, mawu sanatuluke. Pachifuwa panali polemera ngati wina wandikhalira, m'makutu muli phokoso ngati la thiransifoma, ndipo ndinkadziwa, osati kuganiza koma kudziwa, kuti pakhomo paima munthu. Sizinathe mphindi ziwiri. M'mawa nditafotokoza, anzanga sanachedwe kugamula: afiti anabwera kudzanditenga, ndipo wina anatchula ndi dzina la yemwe akumuganizira. Ndikanakhala wa ku New Hampshire, woima pakhomo uja akanakhala ndi maso aakulu akuda.

Madokotala amachidziwa chinthu chimenechi. Pa gawo la tulo lomwe timalota kwambiri, ubongo umazimitsa minofu ya thupi kuti tisamachite zomwe tikulotazo. Nthawi zina munthu amatsitsimuka minofu isanayatsidwenso, maloto akadali kutayikira m'chipinda chenicheni. Zimachitika kawirikawiri kwa ogona chagada, osagona mokwanira, ndi omwe ali ndi nkhawa. Kafukufuku wa mu 2011 yemwe anaphatikiza zofufuza zambiri anapeza kuti pafupifupi anthu 8 pa 100 aliwonse zinawachitikirapo, ndipo pakati pa ophunzira chiwerengerocho chimaposa kotala. Mtundu uliwonse uli ndi dzina la mlendo wa usikuyu. Ku Newfoundland ndi nkhalamba yaikazi yokhalira anthu pachifuwa, ku Japan amati kanashibari, ndipo ku Pemba ndi Zanzibar mu 1995 anthu ankagona panja m'magulu pothawa Popobawa. Kwathu kuno, mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, madokotala sanapeze umboni woti wina anapopedwa magazi, koma anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa. Nkhani ya mboni yoona mtima ikhoza kupha munthu.

Ku Harvard komweko, Richard McNally ndi Susan Clancy anafufuza anthu onena kuti anatengedwa ndi alendo, ndipo anapeza kuti ambiri anayamba ndi usiku wonga wanga uja, kenaka n'kupita kwa wina wowathandiza kukumbukira zotsalazo. Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2004, anthuwa anamvetsera nkhani zawo zomwe zikuwerengedwa pa tepi, makina akuyeza kugunda kwa mtima ndi thukuta. Matupi awo anachita mofanana ndi a anthu omwe anavulala m'maganizo ndi nkhondo kapena zoopsa zina zenizeni. Mantha ndi enieni. Koma mantha amatsata zomwe munthu akukhulupirira kuti zinachitika, ndiye misozi ya mboni singatiuze zomwe zinali pakhomo.

Pali gulu lina la mboni lomwe silingakankhidwire ku tulo kapena ku ubwana. Mu November 2004, David Fravor, mkulu wa gulu la ndege zankhondo za pa sitima ya America ya USS Nimitz, akuuluka masana pa nyanja kufupi ndi California, anaona chinthu choyera, chobulungira motalika, chopanda mapiko, chotalika mamita pafupifupi 12, chikuyenda modabwitsa pamwamba pa madzi. Sanali yekha, woyendetsa ndege ina, Alex Dietrich, anaonanso. Nkhaniyi inaphulika mu December 2017 nyuzipepala ya New York Times italemba kuti unduna wa zachitetezo unali ndi ndondomeko yachinsinsi ya madola 22 miliyoni yofufuza zinthu zotere. Mu April 2020 undunawo unatulutsa mavidiyo atatu mwalamulo, ndipo mu June 2021 lipoti la akazitape linati mwa nkhani 144 zomwe linaunika, imodzi yokha ndi yomwe linaifotokoza motsimikiza: linali baluni lomwe likuphwa. Lipotilo linanenanso chifukwa chake, kuti zambiri zinalibe chidziwitso chokwanira.

Zomwe Fravor anaona sizinafotokozedwe mokhutiritsa onse, ndipo sindikuona chifukwa chomunenera kuti ngwabodza. Koma pomwe pali manambala oti n'kuwerengera, zodabwitsa zimakonda kuchepa. Mu imodzi mwa mavidiyo atatu aja, yotchedwa GoFast, chinthu chimaoneka ngati chikuthamanga koopsa pamwamba penipeni pa nyanja. Gulu la akatswiri lomwe bungwe la America loona za kuthambo la NASA linakhazikitsa linawerengera manambala olembedwa pa sikirini pomwepo, n'kupeza kuti chinali m'mwamba makilomita pafupifupi 4 ndipo chinkayenda pa liwiro la makilomita 60 ndi kanthu pa ola, ngati chinthu chotengedwa ndi mphepo. Liwiro looneka lija linali la ndege yojambulayo. Mu July 2023 David Grusch, yemwe kale anali kazitape wa asilikali, anauza aphungu a nyumba ya malamulo atalumbira kuti boma likubisa zombo zakugwa ndi matupi omwe si a anthu. Anavomera kuti zambiri anachita kuuzidwa ndi ena. Mu March 2024 ofesi ya AARO, yomwe inakhazikitsidwa kuti ifufuze zimenezi, inati sinapeze umboni uliwonse wa luso lochokera kunja kwa dziko lino. Okhulupirira anati n'zomwe boma lobisa linganene. Ndipo pali chowapatsa mphamvu, chifukwa boma la America linabisadi zinthu: zomwe zinagwa ku Roswell mu 1947, zomwe anthu ankati ndi mbale youluka, linavomera mu 1994 kuti zinali za Project Mogul, mabaluni achinsinsi omvetsera mabomba a Soviet Union, ndipo ndege zaukazitape za U-2 zinachititsa malipoti ambiri a ma UFO omwe akuluakulu sankafuna kuwafotokoza. Linabisa zida zake. Koma wonama kamodzi savuta kumuganizira bodza lalikulu.

Asayansi ambiri sakana kuti kwina kuthamboku kungakhale zamoyo. Chowavuta ndi ulendowo. Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri yomwe Klarer ankati anapitako, ili pa mtunda womwe kuwala kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike. Chombo cha Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977 ndipo chimayenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, chingatenge zaka zoposa 70,000 kuyenda mtunda wotero. Kunena kuti wina anadutsa mtunda umenewo, n'kutera kuseri kwa sukulu ya pulaimale pa nthawi ya buleki, n'kuchoka osasiya ngakhale kachitsulo, kumafuna umboni woposa mawu. Mnzake wa Hind anayendera malowo ndi makina oyezera mphamvu ya nyukiliya ndipo sanapeze chachilendo.

Ana a ku Ariel lero ndi azibambo ndi azimayi a zaka pafupifupi 40, omwazikana ku Zimbabwe, South Africa, Britain, Canada ndi kwina. Ambiri mwa omwe analankhulapo pagulu sanasinthe mawu awo. Ena amalira akamafotokoza, ndipo chowapweteka kwambiri, mwa kunena kwawo, si kamunthu kaja koma kuti makolo ndi aphunzitsi sanawakhulupirire tsiku limenelo. Mu 2023, m'pulogalamu ina ya pa Netflix, mmodzi mwa omwe anali ophunzira pasukulupo ananena kuti ndi iye anayambitsa zonse: analoza mwala wonyezimira ndi dzuwa patali n'kuuza anzake kuti ndi chombo cha ma alien, ndipo anadabwa kuona nkhaniyo ikuyaka ngati moto wa lupsa. Anzake anamutsutsa mwaukali. Otsutsa ma UFO analandira mawu ake ndi manja awiri, ngati kuti mlandu watha. Komatu naye akufotokoza za m'mawa umodzi wa zaka pafupifupi 30 zapitazo, womwe anauona ali mwana, ndipo wakhala akuumva ukukambidwa moyo wake wonse.